Nthambi za Msuku pa Njira ya ku Thundu

Nkhaniyi ndimaikamba bwino moto ukayamba kuzilala, pamene anthu sangandione nkhope. Ine si munthu wa pakamwa. Ngakhale ku sekondale aphunzitsi ankafunsa ngati ndabwera ndili pomwepo. Koma maso ndili nawo, ndipo zimene ndikuuzenizi ndinaziona usana, ngakhale kuti dzuwa tsiku limenelo silinadzionetse.

Azakhali a Nanzunga, akazi a malume anga a Damiyano, anamwalira mvula ili kumapeto. Maliro anapita kwawo ku Thundu, kuseri kwa phiri la Chidzuma, pa lole yozungulira ndi msewu. Anawaika m'manda a pa mishoni yakale, pamwamba pa phiri, pamene panagona amayi awo. Amalume anabwerako ali munthu wina. Iwo amene anakhala katekisiti zaka zambiri, amene akamatsogolera mapemphero mawu ankamveka mpaka kuchigayo, anangoti zii. Chakudya ankabweza mbale ili yovundikira. Mankhwala awo a mtima anasiya kumwa. Kenako anayamba kugawa zinthu. Njinga anaipereka kutchalitchi, wailesi kwa aneba, nkhuku zonse anazikusira kwa amayi anga.

Tsiku lina m'nyengo yozizira ananena kuti mawa akupita kukaona manda, wapansi, kudzera njira yakale ya pamwamba pa phiri.

"Achimwene, minibasi zilipo," anatero amayi.

"Minibasi sinandipezere mkazi. Inandipezera ndi miyendo iyi, pa njira imeneyo."

M'mawa mwake amayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe. "Felesiya, upite nawo. Taona, avala suti ya ukwati wawo, ndipo kamba sanatenge ngakhale pang'ono. Munthu wobwerera sachoka choncho. Usakangoyang'ana pansi monga umachitira. Ukabwere nawo amalume ako, wamva?"

Anandimangira mbatata zootcha m'kansalu.

Tisanatuluke m'mudzi tinapeza a Zuze atakhala pa chulu, ndodo ili pakati pa miyendo. A Zuze ndi mnzawo wa amalume kuyambira ali ana. Amafula njuchi m'phirimo, ndipo m'tchalitchi amalowa pa maliro pokha.

"Ndamva kuti akatekisiti akukwera kumwamba ndi miyendo," anatero akudzuka movutikira. "Ndati ndiwaperekeze, ndikaoneko pamene pali khomo."

"Bwerera, wakunja iwe. Bondo lakolo likakusiya panjira."

"Likandisiya undibereka. Si paja mumaphunzitsa zonyamulirana mitanda?"

Amalume sanaseke, koma sanawathamangitsenso. Ndinaona a Zuze akundipsinyira diso, ndipo ndinadziwa kuti nawonso amayi anali atawalankhula.

Tinalowa m'nkhalango ya paini kukuchita kachisisira. Amalume patsogolo, a Zuze pakati, ine pambuyo. M'paini mulibe mbalame zambiri, mumangomveka mphepo ikupuma pamwamba. Titatuluka mmenemo tinalowa m'thengo lenileni, la masuku ndi mitondo, kanjira kali kothina ndi udzu mbali zonse. Apa ndi pamene ndinayamba kudabwa. Udzu wa patali unali woyera ndi mame, koma wa m'mbali mwa njira unali wosansidwa kale, ngati wina wadutsa akuumenya ndi kamtengo. Thalauza la suti ya amalume linali louma. Nthambi ya minga imene inkayenera kuwakola kumaso inali itapindidwa bwinobwino n'kukoledwa kuseri kwa inzake.

Pa mphambano yoyamba tinapeza nthambi ya msuku itapingasa njira ya kumanzere. Masamba ake anali aawisi. Pamwamba pake panali kamwala.

Kwathu, anthu a ulendo umodzi akamayenda motalikirana, wodziwa njira amatsogola. Akafika pa mphambano amathyola nthambi n'kutseka njira yosayenera kulowa. Wotsatira saidumpha nthambiyo, ndipo saichotsa. Amachotsa ndi wotsiriza, onse akadutsa, kuti isadzasocheretse anthu a ulendo wina. Anandiphunzitsa zimenezi ndi amalume omwewo ndili wamng'ono, ndipo anandiuza kuti wodumpha nthambi amanyoza amene anawerama kuti amuikire.

"Alipo ali patsogolo," anatero a Zuze. "Ocheka matabwa."

"Ocheka matabwa saika mwala pa nthambi," anayankha amalume.

Anaima nthawi yaitali akuyang'ana kamwalako. Kenako analowera kumanja. Ine monga wotsiriza ndinachotsa nthambi ija n'kuiponya m'tchire. Pothyoka pake panali ponyowa.

Dzuwa likadakhala kuti likuoneka bwenzi lili pamutu pang'ono pamene tinafika pa kachisi. Ndi kanyumba kofika m'chiuno, pansi pa mtengo waukulu wa kachere, pamene makolo ankapempha mvula. Udzu wa denga unali utawola mbali imodzi, ndipo pakhomo panali mapale a miphika yakale. A Zuze anavula chipewa, ananjuta, n'kuomba m'manja mwakachetechete.

"Omba nawe, Damiyano. Abambo mfumu sali pano."

"Ine ndimalonjera mwini nyumba, osati alonda."

"Ndiye chifukwa chake mapemphero ako amachedwa. Alonda amakuimika pageti."

Ine ndinkayang'ana pansi, monga mwa chizolowezi changa. Kachere amayoyola masamba nyengo imeneyo, ndipo paliponse panali masamba okhaokha. Koma pabwalo la kachisi panali posesedwa. Mizere ya tsache inkaoneka bwino pa dothi, yokhotakhota ngati mamba a nsomba, kuchokera kumanja kupita kumanzere. Ndinafunafuna phazi la wosesayo. Panalibe.

Azakhali a Nanzunga anali amanzere. Analinso Mkatolika wa kolona m'khosi, koma sankatha kudutsa pakhomo pauve, kaya ndi pa yani. Ankati nyumba ya eni siisankhidwa mpingo posesa. Ndinakumbukira zimenezi koma ndinangozimeza. Nditadzutsa maso ndinapeza amalume akuyang'ananso mizere yomweyo.

Kutsogolo kunali mtsinje. Madzi ake ndi akuda chifukwa cha mthunzi, ndipo kumunsi kwa powolokera kuli dziwe lakuya. Miyala yopondapo ndi yakale, yobiriwira ndi ndere, koma pakati, pamene mpata unali waukulu woti nkhalamba singadumphe, panali mwala watsopano. Dothi lofiira linali likadali pamsana pake. A Zuze anaugogoda ndi ndodo, sunagwedezeke.

"Amene watsogolayu ndimukwatira," anatero. "Kaya ndi mwamuna."

A Zuze anawoloka poyamba. Amalume atafika pa mwala watsopano uja anaima ngati akupuma. Anapisa dzanja m'thumba la jekete. Ndinaona akutulutsa kiyi wa nyumba yawo, uja wa kansalu kofiira kamene azakhali anamangirira kuti asamasowe. Anatambasula dzanja pambali n'kumutaya m'dziwe. Sanamveke n'komwe. Kansalu kofiira kanazungulira kamodzi n'kumira.

Sanadziwe kuti ndaona. Ndinawoloka ndikumva mawu a amayi m'makutu.

Tinakwera chitunda chamiyala mpaka pa phanga la zojambula. Ndi thanthwe lalikulu lowerama ngati khonde, ndipo pakhoma pake pali zithunzi zoyera ndi zofiira, zina ngati abuluzi otambasula miyendo, zina madontho okhaokha. Amati kale amayi ankalangira anamwali pamenepo. Amuna awiriwo anakhala chofulatira khomalo, ine ndinaliyang'ana mpaka khosi kuwawa. Ndinamasula mbatata. A Zuze anatenga ziwiri. Amalume anapukusa mutu.

Tili pomwepo anatulukira mayi wina kuchokera kumtunda, atasenza mtolo waukulu wa nkhuni. Sitinkamudziwa. Anapatuka pang'ono n'kupereka moni.

"Ndinu a ulendo umodzi ndi mayi ali kutsogoloku?" anafunsa.

"Mayi wake uti?" anatero a Zuze.

"Amene wandisenzetsa nkhunizi. Ndinatula kuti ndimange bwino, ndiye zinandikanika kunyamula ndekha. Ndangomva wina kumbuyo akuti gwirani uko, mayi. Mtolo n'kukwera pamutu."

"Ndi wooneka bwanji?"

Mayiyo anaganiza. "Nkhope sindinaione, nkhungu yachuluka kumtundaku, komanso ndi mtolo pamutu sutembenuka msanga. Ndinangoona msana akupita. Koma anati mukakumana ndi abambo ovala suti muwauze amange batani lapakhosi, kuno kukuzizira."

Anatsazika n'kutsetsereka. Tinamumva akutsokomola kumunsi, munthu ngati ife tomwe.

A Zuze anasiya mbatata yachiwiri ili theka. Amalume anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kumanga batani lapakhosi.

Pamwamba pa Chidzuma palibe mitengo. Ndi chipululu cha udzu waufupi, wotuwa, ndi miyala yoima payokhapayokha ngati ng'ombe zogona. Pena pansi pamanyowa, phazi limalowa n'kutuluka ndi kaphokoso. Chiperoni chinatipeza kumeneko. Nkhungu inabwera chokwawa, yoyera mbuu, mpaka msana wa amalume unkangooneka ngati chithunzithunzi. Tinjira ta ng'ombe ndi ta osaka tinali tambirimbiri, tolukanalukana, ndipo munthu akhoza kuzungulira mmenemo mpaka kufa ndi chisanu. Koma pa mphambano iliyonse tinkapeza nthambi yathu, kamwala kali pamwamba.

Ndinatola ina n'kuiyang'anitsitsa. Msuku. Masamba aakulu, aawisi, osafota ngakhale pang'ono. Mtengo wa msuku womaliza tinali titausiya kumunsi kwa phanga.

A Zuze anachepetsa liwiro mpaka ndinawapeza. Nthabwala zinali zitawathera.

"Mwana wa Nabanda," ananong'ona, "ukuziona?"

"Ndikuona."

"Akumutenga. Akumukonzera njira ngati mkwati. Ine ndayenda m'phiri muno moyo wanga wonse, zoterezi ayi. Tikafika pa mandapo sabwerera uyu."

Mantha ndinali nawo. Koma chimene chinkandivuta kwambiri chinali funso. Munthu amene akukutengera kumanda angasamale za mame pa thalauza lako? Angadandaule kuti uzizidwa pakhosi? Ndinkafuna nditaona msana uja ngakhale kamodzi. Ndinkatong'ola maso mu nkhungu, ndipo kawiri konse ndinaona ngati pena pake payera mosiyana ndi pena, ngati nsalu ikukhota kuseri kwa mwala. Ndikafikapo, mwala wokha.

Kenako tinamva kulira kwa chitsulo. Ngoo. Patapita kanthawi, ngoo. Kunali kutsogolo, osati patali.

"Belu la pa mishoni," anatero amalume. Aka kanali koyamba kumva mawu awo ali ndi moyo chimwalirire azakhali.

"Belu analitsitsira kumudzi ine ndisanamere ndevu," anatero a Zuze.

"Ndiye ukumva chiyani?"

Amalume anayamba kuyenda mofulumira, ndodo osaigwiritsanso ntchito, moti ine ndinkachita kuthamangira.

Tchalitchi chakale chinatulukira mu nkhungu mwadzidzidzi. Makoma a njerwa zofiira, denga palibe, mawindo ali pululu. Mkati munamera udzu, koma guwa la miyala linali chiimire, ndipo wina anali atazula udzu wozungulira guwalo n'kuuunjika pakona. Chitsulo chija chinali chitasiya kulira. Amalume anagwada pakhomo, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kudzuka. Sanakhalitse. Mtima wawo unali kuseri.

Kuseri kwa tchalitchi njira imagawika pawiri. Ya kumanja imatsetsereka kupita kumudzi wa Thundu, kumene kuli anthu ndi moto. Ya kumanzere imalowa m'kamsitu ka mikungudza, mmene muli manda. Nsonga za mitanda zinkaoneka pakati pa mitengo.

Nthambi ya msuku inali itapingasa njira ya kumanzere.

Amalume anaima ngati awombedwa ndi khoma. Anayang'ana nthambi, anayang'ana kumanda, anayang'ananso nthambi.

"Walakwitsa," anatero. "Apa walakwitsa."

"Sanalakwitse paliponse chichokere m'mawa," anatero a Zuze motsitsa mawu.

"Khala chete, Zuze!"

Anasendera mpaka nsonga za nsapato zawo zinakhudza masamba. Anakweza phazi. Linakhala m'mwamba choncho, kenako analibweza. Munthu amene anaphunzitsa ana a mudzi wonse kuti nthambi siidumphidwa sakanatha. Anatembenukira kwa ine. Maso awo anali ofiira.

"Felesiya. Ndiwe wotsiriza. Chotsa."

Chibadwire ndinali ndisanawakanirepo amalume chilichonse. Kwathu mwana wa mlongo satero. Ndinayang'ana pansi, ndipo miyendo inanditengera yokha pa nthambi paja. Ndinagwada. Ndinatambasula dzanja kuti ndichotse kamwala.

Sikanali kamwala. Anali kiyi, ndi kansalu kake kofiira. Kansaluko kanali konyowa, madzi akudontha pa tsamba.

Ndinabweza dzanja.

"Amalume," ndinatero, mawu akutuluka aang'ono ngati a mwana. "Munandiphunzitsa kuti wotsiriza amachotsa onse akadutsa. Inu simunadutse."

"Ukundiyankha?"

"Ndinaona zimene munataya pamtsinje paja."

Ndinaloza kiyi uja ndi chala.

"Azakhali akubwezerani. Tsiku lonse akhala akukusansirani mame, akuikirani mwala, akuuzani za batani. Munawamvera ponseponse. Apa pokha ndiye mukuti alakwitsa? Ine sindichotsa, amalume. Mundimenye kaya, sindichotsa. Amayi anati ndibwere nanu."

Sindinayambe ndalankhulapo mawu ambiri chotero kwa munthu wamkulu. Nditamaliza ndinkapuma ngati ndathamanga.

Amalume anawerama pang'onopang'ono. Anatola kiyi uja n'kumuika pachikhatho. Anafinya kansalu, madzi anatsika m'mkono wa jekete. Kenako anakhala pansi, pa udzu wonyowa, ndi suti yawo ya ukwati, ndipo mapewa anayamba kugwedezeka. Ndinkayesa akulira. Analidi kulira, koma ankasekanso.

"Mkazi uyu," anatero. "Ngakhale kumeneko akundilamulabe."

"Unkayesa zithera pa maliro?" anatero a Zuze, akupukuta m'maso ndi chipewa. "Dzuka, nkhalamba iwe, uwononga suti. Udzaikidwa ndi chiyani?"

Mphepo inadza n'kusuntha nthambi ija pang'ono, popeza panalibenso choipsinja. Amalume anafunafuna pansi, anatola kamwala, n'kukaika pamwamba pake ndi dzanja lawo. Anakhala kanthawi akuyang'ana m'mikungudza. Milomo yawo inkayenda koma sindinamve zimene ankanena, ndipo sindinafune kumva.

Atadzuka anandifunsa osandiyang'ana, "Mbatata zija zatha?"

"Yatsala imodzi ndi theka la a Zuze."

"Bweretsa yathunthuyo. Za wakunja sindidya."

Anadya akuyenda, tikutsetserekera ku Thundu. Ine ndinali pambuyo monga mwa nthawi zonse. Tisanakhote ndinamva kumbuyo, cha ku tchalitchi, kaphokoso kaja kamene aliyense amakadziwa, ka tsache pa dothi louma, swe, swe, swe. Ndinaima. Ndinkafunitsitsa kucheuka. Koma ndinaganiza kuti munthu amene wabisa nkhope yake tsiku lonse ali ndi chifukwa chake, ndipo ine ndimadziwa mmene zimawawira anthu akamakuyang'anitsitsa. Ndinangopinda mawondo pang'ono n'kunena kuti zikomo azakhali. Tsache linaima. Kenako linapitiriza.

Ku Thundu achibale a azakhali anatilandira ndi moto. M'mawa mwake anati awaperekeze amalume kumanda kudzera njira ya kumunsi, imene iwo amadzera. Amalume anakana. Anati mwini wake watseka, ndipo iwo si mbala yoti izilowera kuseri. Tinabwerera pa minibasi. Atafika anatsekula nyumba yawo ndi kiyi yemwe uja, ndipo madzulo ake anabwera kwathu kudzaitanitsa nkhuku zawo. Amayi anawabwezera zonse, n'kuwonjezapo tambala.

Chiyambire pamenepo, nyengo yozizira ikafika timakwera Chidzuma atatu. A Zuze amadandaula za bondo kuyambira pa chulu mpaka pa phanga. Mame amatinyowetsa ngati wina aliyense, ndipo pa mphambano za m'chipululu timadalira a Zuze. Koma kuseri kwa tchalitchi nthambi imakhalapo, yaiwisi, ndi kamwala kake. Amalume amaiyang'ana, amavula chipewa, n'kunena kuti, "Sanatsegule." Ndiye timakhotera kumanja.

Chaka chino tikupitanso. Amalume ayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndipo pokwera amapuma kawirikawiri. Ine ndidzakhala pambuyo. Koma tikamazungulira khoma la tchalitchi lija ndimasuzumira pambali pa phewa lawo, kuti ndione pansi paja iwo asanaone.